Anati Amama Adye Ndiwo

Kodi inu munthu akakuuzani kuti "idyani ndiwo zambiri," mumaganiza ndiwo zanji? Yankhani mumtima kaye. Ine ndine Immaculate Goma, timakhala ku Kambombo ndi amama, pafupi ndi ankhazi, alongo awo a malemu atate. Pagulu mawu amandithawa, koma papepala sathawa. Kalata iliyonse ndimayamba kuilemba kumbuyo kwa buku la sayansi ndisanaikopere bwino, ndiye makalata anga onse alipo. Ochokera ku Chipata ndinawasunga m'chitini. Ndawaika mmene anabwerera.

Kambombo, 18 Novembala 2024

Okondedwa akulu anga a Bornwell,

Muli bwanji ku Chipata? Ntchito yatsopano ya musitolo ikuyenda? Ine ndili bwino, ankhazi a Tryness ali bwino. Amama ndiye sali bwino kwenikweni.

Musadabwe kuti ndalemba kalata. Foni ya amama inafa. Ya oyandikana nawo imagwira pokhapokha mutakwera pachulu, ndipo mukakwera pachulu mudzi wonse umamva. Izi sindifuna mudzi umve. Ndapatsa a Jack a lole aja amene amabwera kwanuko ndi mpunga.

Amama khungu lawo lada kumanja ndi kumapazi, lakakala ngati lapsa ndi moto. Pakhosi pazungulira chakuda ngati avala mkanda. M'mbali mwa milomo mwang'ambika, akaseka amatuluka magazi, ndiye manje saseka. M'mimba mukutsegulanso. Lachiwiri ndinapita nawo kukiliniki. Kuli a Sista atsopano, dzina lawo a Hazel, ochokera ku Kabwe. Anthu anali ambiri, anatiuza mofulumira kuti ndi matenda osowa vitamini B. Anatipatsa mapiritsi ochepa, akuti ena atha. Anati, "Amwe awa, koma chachikulu adye ndiwo zambiri. Ndiwo tsiku lililonse, mwamva?"

Ndiwo si vuto. Mvula yayamba, bondwe ndi delele zamera paliponse. Chimanga cha thandizo chilipo pang'ono. Nshawa mukudziwa kale, zinapsa ndi dzuwa lija, zotsala amama anadzala dzana. Vuto ndi mapiritsi. Ngati mungawapeze kwanuko, chonde.

Amama sasiya kukamba za a Cheryl, amene mukufuna kukwatira aja, amene mwati mudzabwera nawo pa Isitala kudzawaonetsa. Nkhuku zonse akuti ndi za mlendo. Ngakhale dzira limodzi salola kukhudza, akuti aswe zichuluke.

Mundikhululukire ngati ndalemba zambiri.

Ine mlongo wanu,
Immaculate

Chipata, 30 Novembala 2024

Imma,

Iwe kamwana, unaphunzira liti kulemba chonchi? Ndinawerenga kawiri, ndinaonetsanso Cheryl. Akuti ukhala loya.

Za amama zandipweteka. Ndatumiza botolo lalikulu la vitamini B, lodzaza, la mphamvu kuposa aja a kukiliniki. Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, osadumphitsa. Ndatumizanso thumba la ufa woyera wa m'sitolo, amama asiye kudya zakuda zija za kuchigayo. Shuga alimo. Ngati a Sista anati ndiwo, wapatseni ndiwo, kumudzi ndiwo sizigulidwa. Osadandaula, pofika Khirisimasi adzakhala akuvina.

Ntchito ili bwino, manje ndine wosunga makiyi. Kubwera sindingathe, Disembala ndiye nthawi yogulitsa mbewu ndi feteleza.

Uwauze amama asunge nkhuku zanga bwinobwino! Cheryl anakulira m'tauni, sanadyepo nkhuku yeniyeni yothamanga yokha. Ndikapeza imodzi yasowa, mlandu ndi wako.

Moni kwa ankhazi. Akadali kukalipira mbuzi ngati ndi anthu?

Bornwell

Kambombo, 19 Disembala 2024

Okondedwa akulu anga,

Moni. Katundu anafika, zikomo kwambiri. Kalata yanu ndinawawerengera amama. Pa nkhuku paja anagwira pakamwa kuti asaseke, kenako anati, "Wamva? Za mwana wanga. Wogwira dzira ndimuthyola dzanja."

Ndili ndi manyazi kulemba izi kwa inu mwamuna, koma ndilembe basi. Chiyambire mapiritsi anu, mkodzo wa amama wasintha. Ndi wachikasu kwambiri, wowala ngati utoto. Ankhazi ndiwo anaona poyamba powaperekeza kubafa, ndipo anakuwa.

Ine ndachita zonse. Ndiwo ndikuphika zamitundu itatu. M'mawa bondwe, masana delele, madzulo chibwabwa cha maungu. Ndimathira soda kuti zifewe chifukwa pakamwa pawo pakuwawa. Amadya pang'ono ndi nsima ya ufa wanu uja. Milomo inayamba kuuma sabata yoyamba, ndinakondwa. Koma m'mimba simunaleke, ndipo aonda mpaka chitenje amachizunguliza kawiri.

Chimene chandiopsa ndi ichi. Lamlungu tikuchokera kutchalitchi amama anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Lena, mbuzi watsekera?" Akulu, a Lena ndi ang'ono awo aja anamwalira ine ndisanabadwe. Ndinati, "Amama, ndine Imma." Anati, "Usandinamize iwe Lena." Kuyambira tsikulo ndine Lena. Nthawi zina amakhala padzuwa osalankhula, nthawi zina amalira osadziwa chimene akulirira.

Ankhazi atenga botolo. Alibisa kwawo. Ndinayesa kulankhula koma mukundidziwa, mawu anathawa. Andiuza kuti ndiwalembere kalata yawo, ili m'envulopu momwemu. Mawu ndi awo, ine ndangogwira cholembera. Chonde musandikwiyire.

Immaculate

Kambombo, 19 Disembala 2024

Iwe Bornwell,

Ndine ankhazi ako, mlongo wa malemu atate ako. Moni ndakupatsa. Ngati uli bwino, ife sitili bwino.

Ndikufunsa. Botolo lija unalitenga kuti? Munthu amamwa mankhwala kuti achire, osati kuti atulutse madzi a mtundu umene sindinauonepo chibadwire. Amako akutha ngati sopo. Manje nzeru nazo zayamba kuchoka.

Ine sindinena kanthu, koma anthu ali ndi pakamwa. Kuchitsime akuti, mwana wapeza ntchito mwezi uno, mwezi wamawa mayi apenga. Akuti wapatsidwa makiyi, mayi waiwala mwana wake. Akuti zimenezi zinachitikaponso kwina. Ine ndimawayankha kuti Bornwell ndinamusambitsa ndine, alibe mtima umenewo. Koma ukapanda kubwera ndiwayankha chiyani? Ngati wina kutauniko anakupatsa zinthu zoti upambane nazo, bweza. Ntchito ina udzaipeza, mayi wina sudzamupeza.

Botolo lili kwa ine. Silibwerera m'nyumba muja.

Ndipo mbuzi ndimazikalipira chifukwa zimamva kuposa ana ena.

Ankhazi ako,
Tryness Goma

Chipata, 6 Januwale 2025

Imma,

Ndiye manje ndine mfiti? Ine amene ndimanyamula matumba a feteleza kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma, ine ndagulitsa nzeru za amama kuti andipatse makiyi a sitolo? Makiyi! Osati sitolo, makiyi chabe!

Ndipo iwe unakhala pansi ndi kulemba zimenezo ndi dzanja lako lokongolalo, zilembo zoongoka bwino. Sunathe kunena kuti ayi? Mapiritsi ndinagula mufamasi, pamaso pa anthu, pepala lake lilipo. Mukawabisa ndiye mukufuna amama achire ndi chiyani, ndi miseche ya kuchitsime?

Cheryl anaiona kalata ya ankhazi. Wandifunsa ngati kwathu ndi kumene anthu amaganiza chonchi.

Chitani zimene mukudziwa. Ine sindilembanso, poti chilichonse chochokera kwa ine ndi poizoni.

B.

Kambombo, 29 Januwale 2025

Akulu anga,

Moni, ngakhale mwati simulembanso. Kalata yanu yafika dzana. Mitsinje inadzaza, a Jack anakhala masabata atatu lole ili tsidya lina. Masiku onsewo ndimaganiza kuti mwina muli m'njira mukubwera. Nditaiwerenga ndinapita kumunda kukalira kuti amama asandione. Munanena zoona, sindinathe kunena kuti ayi. Koma werengani mpaka pansi.

Kalata yanu isanafike, amama anagwa pakhomo. Ndinapita kwa ankhazi. Ndinati, "Ankhazi, ndipatseni botolo ndikaonetse a Sista. Akanena kuti ndi loipa, ndilitaya ndekha m'chimbudzi." Anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula. Kenako anavala nsapato, anati tipite tonse. Amama tinawakweza panjinga, ine kukankha, ankhazi kuwagwira kumbuyo, matope mpaka m'mawondo.

A Sista Hazel atawaona amama anaika manja m'chiuno. "Mayo! Ndinati chiyani ine? Sindinati adye ndiwo?"

Ankhazi anati, "Akudya! Katatu patsiku! Mwana uyu watha bondwe yense m'mudzi, mbuzi zikumudandaula."

"Bondwe? Ndi chiyani china?"

Ndinati, "Delele. Chibwabwa."

"Nanga nyemba? Nshawa? Mazira, kapenta, kankhuku?"

Ndinapukusa mutu. Ankhazi anati, "Mwana wanga, iwe unati ndiwo. Sunati nyama."

A Sista anakhala pansi pa benchi, anagwira kumutu. Anati kwawo kutauni mwana akapeza masamba okha m'mbale amati lero kulibe ndiwo. Iwo ponena ndiwo amaganiza zimenezo. Anati, "Pepani amama, pakamwa panga ndi pamene panafupika." Sindinaonepo munthu wa yunifolomu akupepesa.

Ankhazi anatulutsa botolo m'chitenje, analiika patebulo ngati njoka. Anafotokoza za mkodzo uja mokweza, odwala onse panja anamva. A Sista anawerenga pepala lake, anati, "Awa ndi abwino, amene anagula anagula bwino. Chikasu chija si matenda. Ndi vitamini amene thupi silinasunge, akutuluka. Ngakhale ine nditamwa, chingaoneke."

Ankhazi anati, "Ndiye ngati akutuluka, akumweranji?"

Yankho la a Sista ndinalilemba padzanja kuti ndisaiwale. Anati mavitamini a B sakhalitsa m'thupi, amayenda ndi madzi. Ena mwa iwo, kuti akhale, amafunika kugwirana ndi zomanga thupi, zimene timapeza mu nyemba, nshawa, mazira, nsomba ndi nyama. Munthu akamaonda chifukwa chosowa zimenezi, thupi limataya ngakhale amene linasunga kale. A Sista anafunsa ankhazi, "Mukagula mbuzi koma kunyumba kulibe chikhomo chomangirira, mawa muipeza?" Ankhazi anati, "Ndingaipeze m'munda mwa eni ake." A Sista anati, "Basi. Mapiritsi ndi mbuzi, dzira ndi chikhomo."

Anatinso vitamini amene akusowa kwambiri kwa amama, amene wadetsa khungu ndi kusokoneza mutu, thupi limatha kumupanga lokha kuchokera ku zakudya zomwezo, koma chimanga chokha sichikwanitsa. Ufa woyera uja ndiye wachotsedwa zambiri, bola wa kuchigayo. Musakhumudwe, inunso simunadziwe. Soda nayenso akuti amapha mavitamini mumphika. Pamenepo ndinafuna kulowa pansi, chifukwa soda ndimathira ndine.

Anatipatsa mapiritsi ena a matendawa enieni, afika manje, ndipo anati anu apitirize. Koma anandigwira paphewa nati, "Akapitiriza masamba okha, mapiritsi akatha zidzabwerera, ndipo mutha kutaya amayi anu. Wamva?" Ndinamva.

Manje vuto ndi ili. Nsomba ndi zoletsedwa kugwira mpaka Febuluwale atatha. Nshawa zili m'munda, sizinakhwime. Nyemba m'mudzi mulibe. Chimene tili nacho ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri ndi mazira ake. Dzulo ndinaphika mazira awiri. Amama anakankha mbale, anati, "Lena, ukufuna mwana wanga achite manyazi pamaso pa mkazi wake? Anati ndisunge." Ankhazi anayesa kuwakalipira, anangotembenukira kukhoma. Dzina langa anaiwala, tsiku anaiwala, koma mawu anu aja a nkhuku sanaiwale.

Ndikudziwa munkangoseka. Sindikupempha ndalama. Ndikupempha mawu. Nkhukuzo ndi zanu, ndiye ndinu nokha mungazimasule.

Ankhazi sanena kuti pepani, mukuwadziwa. Koma dzulo kuchitsime anauza amayi ena kuti wotchulanso dzina lanu adzamwa chidebe chonse ali chiimire.

Mlongo wanu,
Immaculate

Chipata, 8 Febuluwale 2025

Imma, mlongo wanga,

Ndawerenga nditakhala kuseri kwa sitolo. Sindinathe kubwerera kukauntala msanga. Ine ndimadzitama ndi botolo lalikulu, osadziwa kuti nthabwala yanga ndi imene yatseka pakamwa pa amama. Zimene ndinakunena zija, undikhululukire. Iwe wakankha njinga m'matope, ine ndimakankha mawu.

Ndapatsa a Jack nyemba ndi kapenta. Cheryl waikamo nshawa zosinja, akuti uzithira m'chibwabwa m'malo mwa soda. Koma ndikudziwa amama, adzati izinso tisungire alendo. Ndiye pepala lachiwirili uwawerengere mokweza, ankhazi alipo. Uwerenge pang'onopang'ono.

Amama, odi kuno. Ndine mwana wanu Bornwell, ndafika pakhomo panu ndi kalata iyi, poti miyendo yatsekeredwa ndi madzi. Ndamva kuti mwandisungira nkhuku. Ndazilandira ndi manja awiri, zonse zisanu ndi ziwiri, ndi mazira ake. Zikomo amama, mwandilemekeza. Manje poti ndi zanga, ndikuzibweza kukhitchini monga mlendo amachitira. Yoyamba iphedwe lero. Chiwindi ndi nthutumba, zimene zikanakhala zanga, ndapatsa inu. Mazira, awiri tsiku lililonse, ndapatsa inu. Mukakana, ndiye kuti mwakana mlendo, ndipo ine ndi Cheryl tidzachita manyazi kulowa m'nyumba imene mbale yathu inabwezedwa. Cheryl akuti nkhuku angaipeze kulikonse. Akufuna kudzapeza apongozi amene adzamufunse mafunso ovuta.

Imma, undiuze zonse, zabwino kapena zoipa. Usandibisire.

Kwa ankhazi, uwauze kuti mbuzi imodzi ya ku Chipata yamva.

Bornwell

Kambombo, 9 Malichi 2025

Okondedwa akulu anga,

Moni. Ndachedwa kuyankha dala, ndimafuna ndikhale ndi choti ndinene.

Kalata yanu inafika pa 15. Ankhazi anati zinthu zichitike mwadongosolo. Anayala mphasa, anawakhazika amama, anandiuza kuti ndiime pakhomo ndinene odi m'malo mwanu. Ndinawerenga. Mawu sanathawe. Nditamaliza, amama anati, "Mlendo sanaigwire nkhuku. Nkhuku ya mlendo amayamba waigwira."

Ndinaganiza kuti zalephereka. Koma ankhazi anati, "Zoona, mlamu, mwanena bwino." Anathamangitsa tambala wofiira uja kuzungulira nkhokwe kawiri, akumutukwana ndi mayina a anthu, anamugwira, anandilanda kalata yanu, anaiika pamphasa, ndi kumuimika tambala pamwamba pake. "Ameneyo wagwira. Dzanja lake ndi ili, analemba yekha. Manje mukane tione, mudzi wonse umve kuti kwa a Goma amabweza alendo."

Ndiye mukadzaona kalata yanu ili ndi mapazi a nkhuku, musadabwe.

Amama anadya chiwindi. Anadya pang'onopang'ono, misozi ikutsika, sindikudziwa ngati inali ya zilonda kapena ya china. Mawa lake anadya dzira limodzi, lachiwiri anabisa m'chitenje kuti akabwezere nkhuku, lophikaphika. Ankhazi analipeza. Manje amakhala pamenepo mpaka amama ameze.

Papita masabata atatu. M'mimba mwaleka. Milomo yapola. Khungu lakuda lija likusupuka, pansi pakutuluka lina lofiirira. Mkodzo ukadali wachikasu, ndipo ankhazi manje amati ndi mbuzi zotsala zimene zasowa chikhomo. Sindikunamizani, sanachiretu. Miyendo ilibe mphamvu, kumunda sangapite, ndipo masiku ena amakhalabe duu. A Sista Hazel akuti mutu umatha kubwerera, koma poti tinachedwa sangalonjeze kuti zonse zibwerera. Mawu amenewo amandilemera. Ndikaganiza miyezi iwiri ija ndikuthyola bondwe ndi mtima wonse, ndimadzida. A Sista akuti manje akamauza anthu amatchula chimodzichimodzi, nyemba, nshawa, mazira, mpaka odwala amaseka.

Nkhuku zatsala zinayi. Pofika Isitala mwina mudzapeza imodzi, mwina nthenga zokha. A Cheryl muwauziretu.

Ndimafuna kulembanso za sukulu, poti ndajomba masiku ambiri, koma ndilekeze pano. Ndiyenera kupita manje. Amama akuitana kuchokera kukhonde, akuti dzira lawo lachedwa ndipo mlendo adzamva. Aitana kawiri. Akulu, sakuti Lena. Akuti Imma.

Ine mlongo wanu,
Immaculate